Mitsempha Ikaphwa: Madzi a Diripi ku Chigwa cha Shire

Aliyense amene anatsikapo kuchokera ku Blantyre, nadzera m'makona a msewu wa ku Thabwa kufikira ataoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, adziwa kuti dziko la kumunsiko lili ndi madzi ochuluka ndi ludzu lochuluka pamodzi; pakuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumawomba dzuwa loswa mtengo, kutentha nkupitirira madigiri 40, kotero kuti wodula nzimbe ku Nchalo ndi wolima thonje ku Ngabu amatsika thukuta tsiku lonse, koma ikafika miyezi ya Januwale mpaka Malichi, Shire, Ruo ndi Mwanza amasefukira, namiza midzi ndi minda, nasakaniza za m'zimbudzi ndi madzi a m'zitsime. Chifukwa chake Amang'anja ndi Asena a m'chigwachi safunika kuuzidwa ndi mlendo kuti munthu akhoza kufa ndi kuuma ali pakati pa madzi.

Ndani mwa iwo sanaimepo pakhonde la chipatala cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, pa Montfort ku Nchalo kapena pa Trinity ku Muona, namva namwino akunena kuti, "Mayi, mwanayu madzi atha m'thupi, timuika diripi"? Ndipo ndani sanaonepo munthu amene anafika naye atamunyamula, ali lefuu, maso atalowa m'kati, atadzuka patapita maola owerengeka napempha phala? Abale amati botolo lija lamubwezera mphamvu, ndipo sanama. Koma madzi omwewo amene aukitsa wina akhoza kumiza mnzake wa pa bedi loyandikana, ndipo chimene chimasiyanitsa awiriwa, ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri, chili m'mitsempha yofewa imene imabweza magazi kumtima.

Mitsempha ya magazi ili ya mitundu iwiri ikuluikulu. Ilipo yochoka kumtima, yokhuthala ndi yolimba, imene imagunda pansi pa zala za namwino akagwira dzanja la wodwala. Ndipo ilipo yobweza magazi kumtima, yopyapyala, yosagunda, imene timaiona itatukuka pamsana pa dzanja la munthu wogwira khasu. Pakati pa iwiriyi pali timitsempha tosaoneka ndi maso, ndipo m'menemo ndi mmene mpweya, chakudya ndi madzi zimatulukira kunka ku minofu. Pamene William Harvey, sing'anga wa ku England, anasonyeza mu 1628 kuti mwazi umayenda mozungulira, umboni wake wina unali wa pa mkono pomwepa: anamanga mkono ndi nsalu, mitsempha nitupa, ndipo poikanikiza ndi chala anaona kuti ili ndi tizitseko m'kati mwake, tolola magazi kupita kumtima kokha, osabwerera m'mbuyo.

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita pafupifupi 5. Wina angayese kuti ambiri a iwo ali mumtima ndi m'mitsempha yogunda ija, popeza ndiyo imamveka. Koma si tero, pakuti pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a magazi onse, pa mphindi ina iliyonse, amakhala m'mitsempha yobweza, makamaka ya m'matumbo, m'chiwindi, m'kapamba ndi pansi pa khungu. Wodziwa Shire adzamvetsa ichi msanga. Mtsinjewu ukachoka m'mathithi a ku Kapichira, kumene madzi ake ali aukali ndi ofulumira, umafika m'dambo lalikulu la Elephant Marsh, numwazikana m'mabango ndi m'mathawale, nuyenda mwaulesi kufikira ku Chiromo. Dambolo limakula m'dzinja ndi kunyala m'chilimwe, limasunga madzi pamene achuluka ndi kuwapereka pamene achepa. Momwemonso mitsempha yobweza ndiyo mosungira mwazi wa thupi, mosungira mokhoza kukula ndi kuchepa monga mwa kusowa kwa mwini wake.

Amene anaunika bwino kagwiridwe ntchito ka mosungiramu ndi Arthur Guyton wa ku Mississippi, ku America, m'zaka za m'ma 1950. Chiphunzitso chimene chinakula kuchokera pa ntchito yake ndi ya anzake nchakuti magazi a m'mitsempha yobweza ali pawiri, ngakhale ndi osakanikirana. Gawo lalikulu limangodzaza malo, kuti mtsempha ukhale wozungulira, osautanula konse. Gawo laling'ono, limene lingakhale limodzi mwa magawo anayi kapena atatu, ndilo lowonjezera pamwamba pake, limene limatanula mtsempha, ndipo mtsemphawo pofuna kubwerera mwakale umakankha magaziwo kulozera kumtima. Mphamvu yokankhayo ndi yaing'ono zedi: pa muyeso umene BP ya munthu wathanzi imafika 120, Guyton anaipeza pafupifupi 7 chabe mwa agalu amene anawayeza. Komabe moyo wonse watsamira pa kamphamvu kameneka, chifukwa mtima sungatumize magazi amene sanafike kwa iwo. Otto Frank wa ku Germany mu 1895, ndi Ernest Starling wa ku London patapita zaka pafupifupi 20, anali atasonyeza kale kuti mtima ukadzazidwa bwino umafinya mwamphamvu, ukalandira zochepa umatulutsanso zochepa, ndiponso kuti pali malire amene kuwonjezera kudzaza sikuwonjezeranso kanthu.

Tsono taonani chimene chimachitika mwa msodzi wa ku Ndindi amene wamwa madzi okhala ndi kachilombo ka kolera. Kachilomboko sikalowa m'magazi. Kamakhala m'matumbo, nikatulutsa poizoni amene amachititsa matumbowo kutaya madzi ndi mchere m'malo mozimwa, kotero kuti munthu wamkulu akhoza kutaya lita imodzi pa ola limodzi, chimbudzi chili choyera ngati madzi otsukira mpunga, kuwonjezapo kusanza. Madziwo akuchokera m'magazi. Thupi silikhala chete: pali timalo m'mitsempha ikuluikulu ya pakhosi ndi ya pachifuwa timene timamva kuti mphamvu ya magazi yatsika, nitiuza ubongo, ndipo ubongo umalamula mtima kugunda mofulumira, impso kuumira mkodzo, ndi mitsempha yobweza kufinyika. Mitsempha ikafinyika malo amachepa, ndipo magazi amene anali ongodzaza aja amasanduka okankha. Thupi ladzithira lokha magazi kuchokera mosungira mwake. Nchifukwa chake munthu akhoza kutaya gawo lalikulu ndithu la madzi kapena magazi BP yake ili yooneka bwino, ndipo wosadziwa amanyengeka nayesa kuti nthawi ilipo. Koma mosungira mukatha, kugwa kwake nkwadzidzidzi: manja amazizira, zala zimakwinyika, mawu amasasa, minofu ya m'miyendo imakokana, khungu ukalitsina silibwerera, liwombo la khanda limalowa, ndipo kugunda kwa pa dzanja kumasowa.

Apa ndi pamene namwino amakumana ndi vuto limene anthu a kunja kwa chipatala salidziwa. Pamene mtsempha ukufunika koposa ndi pamene wasowa, pakuti waphwa, wafinyika, makoma ake agundana. Amamanga mkono, nausisita, naunika ndi tochi ngati magetsi azima, nabaya kawiri kapena katatu osapeza kanthu; ndipo mayi wa mwana, poona singano ikulowa ndi kutuluka, amayesa kuti namwinoyo sadziwa ntchito. Ndikupemphani, inu amene mudzaima pamenepo tsiku lina, kuti muleze mtima, chifukwa kuona maso a nkhono nkudekha. Wodziwa ntchito akalephera pa dzanja amafuna mtsempha wa m'chigongono, wa pakhosi, wa pa kakolo, kapena wa pamutu ngati ndi khanda. Zikakanika amalowetsa singano yolimba m'fupa la msongolo, pansi pa bondo, chifukwa timitsempha ta m'mafuta a m'fupa sitiphwa, fupa limatigwira tili totseguka, ndipo madzi olowa m'menemo amafika kumtima monga olowa mumtsempha. Akapeza mtsempha mwa munthu wamkulu amasankha kanyula (kachubu kotsala mumtsempha) yaifupi ndi yotakata, ndipo nthawi zina amaika ziwiri, mkono uno ndi uwo, chifukwa mpata ukakula kawiri madzi oyendamo akhoza kuchuluka kufikira ka 16.

Luso limeneli linabadwa ndi matenda omwewa. Kolera atafika ku Britain mu 1831, mnyamata wina wa ku Ireland, William O'Shaughnessy, anapima magazi a odwala napeza kuti akhuthala chifukwa chotaya madzi ndi mchere, nanena kuti zotayikazo ziyenera kubwezedwa. Chaka chotsatira, mu 1832, Thomas Latta wa ku Leith ku Scotland anatenga madzi ofunda a mchere nawalowetsa mumtsempha wa m'chigongono wa mayi wina wokalamba amene anali pafupi kutsirizika. Atalowetsa oposa malita atatu, kugunda kunabwerera pa dzanja, nkhope inadzaza, manja anafunda, ndipo gogoyo analankhula. Latta atatopa anamusiya m'manja mwa wina nakapuma. Kutsegula ndi kusanza kunayambanso, sanamuitane, ndipo patapita maola owerengeka mayiyo anamwalira. Madzi amene amapachikidwa lero m'zipatala za kolera, otchedwa Ringer's lactate, ndi chipatso cha ntchito ya Sydney Ringer wa ku London m'zaka za m'ma 1880 ndi Alexis Hartmann wa ku St. Louis mu 1932. Koma zonse ziwiri zimene Latta anaona pa gogo uja, kudzuka kwake ndi kugwanso kwake, zikuonekabe mpaka lero mwa odwala kolera.

Tiyeni titsate madziwo pang'onopang'ono. Amatsika m'kachubu, nalowa mumtsempha wa pa mkono, nathamangira ku mbali ya kumanja ya mtima, nadutsa m'mapapo, namwazikira thupi lonse, ndipo ambiri a iwo amakakhala kumene magazi ambiri amakhala, m'mitsempha yobweza ya m'mimba. Popeza mitsemphayo ili yofinyika kale, malo ake ndi ochepa, ndipo madzi oyambawo satayika pa kungodzaza. Pafupifupi onse amatanula mtsempha ndi kukweza kamphamvu kokankha kaja. Magazi obwerera kumtima amachuluka, mtima umadzala, ndipo monga anaonera Starling, umafinya kwambiri. Ichi ndicho chifukwa chake lita yoyamba imachita zodabwitsa mwa munthu wouma kwenikweni: kugunda kumene kunasowa kumamveka pasanathe theka la ola. Kumene kuli makina a sikani, wopima akhoza kuona ndi maso mtsempha waukulu wa m'mimba wobweza magazi kumtima, umene mwa wouma umaoneka wophwatalala ndi wotsekeka pa kupuma kulikonse, ukuyamba kukhala wozungulira.

Koma nkhani sithera pamenepo, ndipo apa ndi pofunika kumvetsetsa. Timalo tomva mphamvu ya magazi tija tikaona kuti zinthu zayamba kukhala bwino, ubongo umafewetsa lamulo lake, mitsempha imamasuka, malo amakulanso, ndipo gawo lina la madzi amene anali okankha limasanduka longodzaza. Nthawi yomweyo madzi a mchere sakhalitsa m'mitsempha, chifukwa timitsempha tating'ono tija timawalola kutuluka kunka ku minofu, imene nayonso ili ndi ludzu. Pakapita ola limodzi kapena awiri, otsala m'mitsempha kawirikawiri ndi gawo laling'ono la amene analowa. Pamwamba pa izi matumbo akutayabe. Mwa njira zitatu izi mphamvu ya botolo loyamba imazilala, ndipo wodwala amene anadzuka nalankhula akhoza kugwanso usiku ngati palibe womuyang'anira. Bedi la kolera, lija lobowola pakati ndi ndowa pansi pake, silinapangidwe chifukwa cha ukhondo wokha; ndowayo ndi muyeso, wouza namwino kuchuluka kwa madzi amene ayenera kubweza.

Malangizo a bungwe la World Health Organization, amene zipatala zathu zimatsata, anakonzedwa modziwa zonsezi. Wouma kwambiri amalandira mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake: 30 oyamba m'mphindi 30, kuti mitsempha idzale msanga ndi mtima upeze chotumiza, ndipo 70 otsalawo m'maola awiri ndi theka, kuti minofu imwe osalanda mitsempha. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti amalandira malita 6 m'maola atatu, kuposa magazi onse a m'thupi lake. Khanda losakwana chaka limalandira muyeso womwewo pa kilogalamu, koma m'maola 6. Kolera wamphamvu wosathandizidwa akhoza kupha theka la odwala. Wothandizidwa msanga ndi moyenera sapha ngakhale mmodzi pa anthu 100.

Chigwa cha Shire chinaphunzitsa dziko lonse kanthu pa nkhani imeneyi. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pamene abale athu a tsidya lina anathawira ku Nsanje mwaunyinji, kolera anabuka m'msasa wa Mankhokwe mu 1988, nabukanso ku Nyamithuthu mu 1990. Ofufuza amene anawerenga za ku Nyamithuthu anapeza kuti kuyambira pa 23 Ogasiti mpaka pa 15 Disembala chaka chimenecho anadwala anthu 1,931, namwalira 68. Mwa omwalirawo, oposa 60 pa 100 alionse anatisiya tsiku loyamba lisanathe chifikireni kuchipatala, chimene mwina chinaonetsa kuti anafika mochedwa kapena sanalandire madzi okwanira pa maola oyamba. Koma ofufuzawo anaonanso china: ena anamwalira pambuyo pake ali ndi kutentha thupi, ndipo anakayikira kuti diripi yokhalitsa masiku ambiri pa mkono inathandizira imfa zimenezo. Pakuti kanyula ndi khomo lotseguka, lolowera molunjika m'mwazi. Mtsempha umene yakhalamo nthawi yaitali umatupa, umafiira, umauma ngati chingwe, ndipo tizilombo ta pakhungu timapeza njira. Msasa umodzi womwewo unasonyeza kuipa kwa kuchedwa kuika diripi ndi kuipa kwa kuchedwa kuichotsa.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mtsempha wophwa umalandira madzi ambiri mphamvu ya m'kati mwake osakwera kwenikweni. Koma ukadzala nukhala wozungulira, umayamba kuuma, ndipo kuyambira pamenepo madzi ochepa amakweza mphamvuyo kwambiri. Mtima nawonso ukafika pa malire aja sutumizanso zoonjezera, ndipo madzi amaunjikana kumbuyo kwake. Mtsempha wa pakhosi umatukuka wodwala ali chikhalire, zikope zimatupa, chiwindi chimakula, impso zimene magazi akulephera kutulukamo bwino zimafooka, ndipo choopsa koposa, madzi amatulukira m'mapapo, munthu nayamba kupuma mofulumira ndi kutsokomola. Okalamba, amayi oyembekezera, odwala mtima ndi ana onyentchera amafika msanga pa malire amenewa; mwana wonyentchera, amene mtima wake ndi wofooka ndipo maso ake ndi olowa ngakhale asanaume, amaikidwa diripi pokhapokha atakomoka ndi kuzizira, ndipo madzi ake amayenda mochepa ndi mosamala. Wachibale amene amatsegula kagudumu ka pa chubu namwino atatuluka, poganiza kuti akufulumizitsa kuchira, akuchita chinthu choopsa, ngakhale achita ndi mtima wachikondi.

Palinso odwala amene amaoneka ngati ouma koma vuto lawo ndi lina. Mwa munthu amene tizilombo talowa m'magazi, kapena mwana wa malungo aakulu, madzi sanatayike kunja monga mwa wa kolera. Mitsempha ndiyo yalekerera nikula, magazi okankha nasanduka ongodzaza, ndipo timitsempha tating'ono tayamba kudontha. Kwa zaka zambiri madokotala anakhulupirira kuti nawonso ayenera kuthiridwa madzi ambiri mwachangu. Mu 2011 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa FEAST, wotsogozedwa ndi Kathryn Maitland, wa ana 3,141 odwala kwambiri ndi kutentha thupi m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania: mwa ana olandira madzi othamanga, oposa 10 pa 100 anamwalira m'masiku awiri, pamene mwa olandira madzi oyenda pang'onopang'ono anamwalira 7 pa 100. Mu 2017, ku University Teaching Hospital ku Lusaka, pakati pa anthu olankhula chinenero chathu chomwe, kafukufuku wa akuluakulu 209 a matenda a m'magazi ndi BP yotsika anapeza kuti mwa opatsidwa madzi ambiri m'maola 6 oyamba anamwalira 48 pa 100, pamene mwa othandizidwa monga mwa masiku onse anamwalira 33 pa 100. Ndiyenera kuchenjeza molimba kuti ana otsegula m'mimba sanali m'kafukufuku wa FEAST, ndipo aliyense womana mwana wa kolera madzi chifukwa cha kafukufukuyo wasokoneza matenda awiri osiyana. Kwa wa mitsempha yolekerera, kumene kuli kotheka, madokotala amaonjeza mankhwala onga noradrenaline, amene amafinya mitsempha ndi kubweza magazi ongodzaza aja pa ntchito.

Wotaya magazi enieni, monga mayi amene akutaya atabereka, kapena msodzi amene ng'ona ya mu Shire yamugwira mwendo, nkhani yake ndi yachitatu. Mitsempha yake yaphwa ndithu, ndipo madzi a diripi amamugwiriziza kanthawi. Koma madzi sanyamula mpweya monga mwazi, amasungunula zimene zimaumitsa magazi pa bala, ndipo akakweza BP bala lisanatsekedwe amachotsa magazi oundana amene anayamba kutseka. Chomupulumutsa ndi kuletsa kutayako ndi kumuika magazi, amene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limasonkhanitsa kwa opereka mwaufulu.

Nanga namwino wa pa chipatala chaching'ono, wopanda sikani, adziwa bwanji kuti mitsempha ikufunabe madzi kapena yakhuta? Amafunsa thupi lomwe. Amagwira dzanja kumva ngati kugunda kwadzala ndi kuchepa liwiro, amakanikiza chikhadabo ndi kuona ngati kufiira kwake kwabwerera msanga, amayang'ana mtsempha wa pakhosi ndi zikope, amawerenga kapumidwe, amafunsa kuti, "Agogo, mwataya madzi chifikireni?" pakuti mkodzo woyamba ndi umboni wakuti impso zalandiranso magazi. Ilipo njira inanso yosalira ndalama: kugoneka wodwala chagada ndi kukweza miyendo yake, kuti magazi a m'mitsempha ya m'miyendo ndi ya m'mimba, okwana ngati mamililita 300, atsikire kumtima. Ngati mtima uyankha ndi kutumiza zambiri, madzi angathandize. Ngati suyankha, miyendo imatsitsidwa ndipo palibe chimene chaonongeka. Zonsezi ziyenera kubwerezedwa mphindi 15 kapena 30 zilizonse pa maola oyamba, ndipo ine ndiyesa kuti m'zipatala zathu kusowa kwa anthu ochita ntchito yoyang'anira imeneyi kumavulaza mofanana ndi kusowa kwa mabotolo.

Mliri wa 2022 ndi 2023 unatsimikiza zimenezi. Namondwe Ana anagwetsa milatho ndi kuononga zitsime m'chigwachi mu Januwale 2022, Gombe natsatira mu Malichi. Boma linalengeza za kubuka kwa kolera pa 3 Malichi 2022, munthu woyamba atapezeka ku Machinga, ndipo Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Mliriwo unafalikira m'maboma onse, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, naulengeza kukhala ngozi ya zaumoyo pa 5 Disembala 2022, ndipo namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023 unali usanathe. Odwala anapitirira 58,000 ndipo omwalira anapitirira 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse chiyambire 1973 pamene matendawa anaoneka koyamba m'dziko muno. Ndiko kuti anamwalira pafupifupi atatu pa 100 alionse, katatu kuposa muyeso umene chithandizo chabwino chimafikira, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali kufika mochedwa kuchipatala.

Kwa munthu wa ku Makhanga kapena mbali zina za East Bank, kumene madzi akasefukira njira yotsala ndi bwato, kufika msanga si chinthu chimene angalamulidwe ndi mawu chabe. Koma mitsempha ikhoza kuthiridwa madzi kudzera pakamwa. Poizoni wa kolera, ngakhale amatsegula njira yotayira, saononga njira ina ya m'matumbo imene shuga amalowera atanyamula mchere, madzi nkutsatira. Ichi chinatsimikizidwa ku Dhaka ndi ku Calcutta m'zaka za m'ma 1960. Mu 1971, m'msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon ku India, madzi a diripi atatha, Dilip Mahalanabis anapereka madzi a mchere ndi shuga m'manja mwa abale a odwala kuti aziwamwetsa, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa 30 pa 100 kufika pansi pa 4 pa 100. Madzi omwewo ndiwo Thanzi ORS amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo paketi ikasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Wodwala ayambe kumwa pa chimbudzi choyamba, amwe pang'onopang'ono m'bwato ndi pa njinga, akasanza adikire mphindi 10 nayambenso, ndipo khanda lisaleke kuyamwa. Odwala kolera ambiri amachira ndi madzi a pakamwa okha. Ndipo ngakhale amene adzafunabe diripi, akamwa m'njira amafika mtsempha wa pa mkono usanaphwe, namwino naupeza pa kubaya koyamba, ndipo akangotha kumeza bwino kanyula imachotsedwa, kapu nipitiriza ntchito.